Kusandutsa desimali kukhala fulakishoni yofupikitsidwa, ndi podziwira kuti mwafika pamapeto

Nyengo ya mayeso ikamayandikira, funso ili limandipeza paliponse: m'kalasi, pamsewu, ngakhale pa WhatsApp usiku. Amafunsa ndi ana a Sitandade 7 ndi 8, a Fomu 1 ndi 2, komanso makolo amene akufuna kuthandiza mwana homuweki madzulo. "Aphunzitsi, 0.375 ndiisandutse bwanji kuti ikhale fulakishoni? Nanga ndidziwa bwanji kuti ndamaliza?" Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lonse kamodzi, kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera pano.

Mbali yoyamba ya funsoli ambiri amaitha. Imene imatayitsa ana malikisi ndi yachiwiriyo. Mwana amalemba 375/1000 bwinobwino, n'kugawa kamodzi, n'kupeza 75/200, basi n'kuika cholembera pansi poganiza kuti watha. Wina amayamba kuyesa 3, kenako 7, kenako 9, nthawi ikupita, pepala likudetsedwa ndi zofufuta. Choncho pamenepo ndipo ndikhalitse. Desimali ikakhala yoti ili ndi pothera, manambala oyenera kuyesa ndi awiri okha, 2 ndi 5, ndipo nambala yomaliza ya desimaliyo imakuuziranitu kuti mwa awiriwo mutenge uti.

Tiyambe tamvana mawu. Desimali ndi nambala yokhala ndi kadontho, kamene m'kalasi timakatcha poyinti, monga 0.6 kapena 2.35. Fulakishoni ili ndi manambala awiri. Ya pansi, imene mabuku amati denominator, imanena kuti chinthu chadulidwa m'magawo angati ofanana. Ya pamwamba, numerator, imanena kuti mwa magawowo mwatengapo angati. Pepala la mayeso likanena kuti simplify, kapena lowest terms, kapena simplest form, likufuna chinthu chimodzimodzi: mugawe nambala ya pamwamba ndi ya pansi ndi nambala yofanana, mpaka pasapezekenso ina yolowa monsemo kupatula 1. Ana amati kukansela. Ine pano ndiziti kufupikitsa.

Kwa inu amene ana anu akuphunzira ku South Africa kapena ku Mozambique, musadabwe mukaona m'kope mwawo mwalembedwa 0,75 m'malo mwa 0.75. Kumeneko amagwiritsa ntchito koma pamene ife ku Malawi ndi ku Zambia timaika kadontho. Nambala ndi yomweyo, njira ndi yomweyinso.

GAWO LOYAMBA: DESIMALI YOKHALA NDI POTHERA

1. Yambani mwaiyang'anitsitsa desimaliyo.

Madesimali otheka kusandutsa fulakishoni alipo a mitundu iwiri. Ena amatha, monga 0.6, 0.48 ndi 0.375. Ena satha, amangobwereza manambala omweomwewo, monga 0.333... kapena 0.454545... Obwerezawa mabuku amawasonyeza ndi kadontho kapena kamzere pamwamba pa nambala yobwerezedwayo, apo ayi timadontho titatu kumapeto. Mukaona zimenezi, pitani ku gawo lachiwiri, chifukwa njira ya pano siigwira.

Ngati ndi yothera, fufutani maziro onse a kumapeto kwenikweni. 0.250 ndi chimodzimodzi ndi 0.25, ndipo 0.60 ndi 0.6. Koma a kumapeto okha. Ziro wotsatana ndi kadontho, ngati wa mu 0.05, kapena wa pakati, ngati wa mu 0.305, musamukhudze. Iyeyo akusunga malo. K0.50 ndi 50 tambala, pamene K0.05 ndi 5 tambala, ndipo wogulitsa aliyense akudziwa kuti si ndalama yofanana.

Musadumphe kufufuta maziro a kumapetowa. Lamulo la pa nambala 4 likudalira pamenepa.

2. Werengani malo a kumanja kwa kadontho.

Malo amodzi, nambala ya pansi ndi 10. Malo awiri, ndi 100. Malo atatu, ndi 1000. Malo anayi, ndi 10000. Mwachidule, mulembe 1 ndipo mumutsatize maziro ochuluka mofanana ndi malowo.

Chifukwa chake n'choti malo aliwonse kumanja kwa kadontho ndi ocheperako kakhumi poyerekeza ndi a kumanzere kwake. Ndalama yathu inapangidwa motero. Kuyambira 1971, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, kwacha imodzi ndi 100 tambala, monga momwe kwacha ya ku Zambia ilili 100 ngwee. Choncho K0.75 ndi 75 tambala mwa 100. Agogo athu analibe mwayi umenewu, poti paundi imodzi inali masheleni 20, sheleni imodzi makobiri 12, ndipo kuwerengera kwake kunali kwa thukuta. Mita ili ndi masentimita 100, kilogalamu ili ndi magalamu 1000. Nyama ikalemera 0.375 kg pa sikelo, ndiye kuti ndi magalamu 375 mwa 1000. Mwana akaona zimenezi ndi maso ake kubutchala, safunsanso kuti 1000 wachokera kuti.

Werengani malo onse, ngakhale amene muli ziro. 0.064 ili ndi malo atatu, osati awiri.

3. Lembani fulakishoni yoyamba.

Pamwamba ikani manambala a kumanja kwa kadontho, popanda kadonthoko. Pansi ikani nambala imene mwapeza powerenga malo pa nambala 2.

0.6 = 6/10
0.48 = 48/100
0.05 = 5/100
0.064 = 64/1000
0.375 = 375/1000

Maziro oyambirira, ngati wa mu 05 kapena 064, pamwamba salembedwa. Ntchito yawo aimaliza kale pokulitsa nambala ya pansi.

Zolakwika zimene ndimakumana nazo pochonga ndi zitatu. Ena amalemba 0.05 ngati 5/10, poiwala kuwerenga malo a ziro uja. Ena amalemba 0.75 ngati 7/5, poganiza kuti nambala yoyamba ipite pamwamba, yachiwiri pansi. Enanso amalemba 1/75, chifukwa anamva kuti 0.5 ndi 1/2 ndiye akuganiza kuti pamwamba pamakhala 1 nthawi zonse. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: muuzeni mwanayo atchule desimaliyo ngati ndalama. Akati "75 tambala mwa 100", fulakishoni waitchula kale.

4. Yang'anani nambala yomaliza, ikuuzani chogawira.

Apa ndi pamene mabuku ambiri amangoti "tsopano fupikitsani" n'kudutsa, ngati kuti n'zodziwikiratu. Si zodziwikiratu ayi. Mwana amasiyidwa ndi 64/1000 osadziwa poyambira kapena polekezera.

Taonani kaye nambala ya pansi. Nthawi zonse imakhala 10, 100, 1000 ndi anzake. Tsono 10 ndi 2 × 5. 100 ndi 2 × 2 × 5 × 5. 1000 ndi 2 × 2 × 2 × 5 × 5 × 5. Muphwanye momwe mungaphwanyire, simupezamo 3, simupezamo 7, simupezamo 11. Muli 2 ndi 5 basi. Ndipo poti nambala yofupikitsira iyenera kulowa pamwamba ndi pansi pomwe, kuyesa 3 kapena 7 n'kungodzitayira nthawi. Tengani 21/100. N'zoona 3 amalowa mu 21, 7 nayenso amalowa, koma mu 100 onsewo salowa. Fulakishoniyo yafika kale pamapeto.

Tsopano taonani ya pamwamba. Nambala imene 2 ndi 5 onse awiri amalowamo imathera ndi 0. Koma maziro a kumapeto tawafufuta kale pa nambala 1. Ndiye kuti nambala ya pamwambayo singalole onse awiri. Ilola mmodzi, kapena ikana onse. Potero milandu yatsala itatu yokha:

Desimali ikathera ndi 1, 3, 7 kapena 9, palibe chofupikitsa. Yankho ndi fulakishoni yoyamba ija. 0.37 ndi 37/100. 0.9 ndi 9/10. 0.999 ndi 999/1000. Musachite mantha kuti yankho likuoneka lalikulu, ndi lolondola.

Ikathera ndi 5, gawani ndi 5 yekha.

Ikathera ndi 2, 4, 6 kapena 8, gawani ndi 2 yekha.

Ndikuti yekha chifukwa simudzasinthanso njira muli pakati. Mukayamba ndi 5 mudzamaliza ndi 5. Nambala yothera ndi 5 siigawika ndi 2, ndipo ngakhale muigawe ndi 5 kangati, 2 sadzatulukiramo poti munalibe chiyambire. N'chimodzimodzinso mukayamba ndi 2. Ine ndimaona kuti lamuloli n'labwino kuposa kuuza mwana wa Sitandade 7 kuti ayambe wandandalika mafakitala onse (manambala olowa ndendende) a 375 ndi a 1000 kuti apeze HCF, nambala yaikulu kwambiri yolowa monsemo. Njira ya HCF siyolakwika, koma ndi yaitali, ndipo pondandalika mwana amadumpha mmodzi osazindikira. Pano akungoyang'ana nambala imodzi, wadziwa kale chochita.

5. Gawani mzere ndi mzere, ndipo dziwani polekezera.

Tiyeni titenge 0.375 uja. Wathera ndi 5, ndiye chogawira ndi 5.

375/1000, kugawa ndi 5, tipeza 75/200.
75/200, kugawa ndi 5, tipeza 15/40.
15/40, kugawa ndi 5, tipeza 3/8.

Pa mzere uliwonse dzifunseni kuti: kodi 5 akulowabe pamwamba ndi pansi pomwe? Pa 75/200 akulowa, pitirizani. Pa 15/40 akulowa, pitirizani. Pa 3/8 salowa. Imani pomwepo, mwamaliza, ndipo palibe chifukwa choyesera nambala ina.

Tsopano 0.48. Wathera ndi 8, chogawira ndi 2.

48/100 ikhala 24/50.
24/50 ikhala 12/25.

Apa ana ambiri amakopeka. Amaona kuti 12 akugawikabe ndi 2, ndiye amalemba 6 pamwamba, pansi n'kusiya 25 yemweyo, kapena n'kulemba 12.5. Zonsezi n'zolakwika. 25 wakana 2, ndiye ntchito yatha. Yankho ndi 12/25. Mbali imodzi ikangokana, kaya ya pamwamba kaya ya pansi, mwafika. Mu 0.14 imene imayamba kukana ndi ya pamwamba: 14/100 ikhala 7/50, ndipo 7 sagawika ndi 2 ngakhale 50 akanalola.

Pali chizindikiro chinanso chothandiza. Simungagawe kambiri kuposa malo amene munawerenga pa nambala 2. Desimali ya malo awiri, kugawa sikupitirira kawiri. Ya malo atatu, sikupitirira katatu, poti mu 1000 muli ma 2 atatu ndi ma 5 atatu okha. Taonani 0.064: 64/1000, 32/500, 16/250, 8/125. Tagawa katatu, ma 2 a pansi atha. Mukapezeka kuti mukugawa kachinayi pa desimali ya malo atatu, bwererani, penapake mwaphonya.

Wozolowera akhoza kugawa ndi 25 kapena 125 kamodzi n'kamodzi, kapena ndi 4 ndi 8. Palibe choletsa, poti 25 ndi 5 kawiri, 8 ndi 2 katatu. Koma wongoyamba kumene ayende pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Wochonga akaona mizere imeneyi amadziwa kuti mwana akumvetsa chimene akuchita, ndipo ngakhale ataphonya pamapeto, njira yake ikuoneka.

Chenjezo lina: kufupikitsa ndi kugawa, osati kuchotsera. Ndimaona ana akuchotsera 5 pamwamba ndi pansi pa 15/40 n'kupeza 10/35. Imeneyo ndi nambala ina. Enanso amafufuta manambala ofanana maonekedwe, monga kufufuta 5 mu 15/25 n'kutsala ndi 1/2. Yankho lenileni ndi 3/5.

6. Ngati kumanzere kwa kadontho kuli nambala, iikeni pambali kaye.

Pa 2.35, musiyeni 2 adikire. Gwirani 0.35 yekha: 35/100, kugawa ndi 5, 7/20. Kenako bwezeretsani 2 uja, yankho ndi 2 7/20. Funso likafuna improper fraction, imene nambala ya pamwamba imaposa ya pansi, chulukitsani 2 ndi 20, muphatikize 7, mupeza 47/20.

Mukhozanso kulemba 235/100 kuchokera pachiyambi n'kugawa ndi 5, mufika pa 47/20 yemweyo. Chofunika n'kukumbukira kuti malo owerenga ndi a kumanja kwa kadontho okha. 12.08 ili ndi manambala anayi koma malo awiri, ndiye ndi 12 8/100, imene ikhala 12 2/25.

Ya negative, ya ku Fomu 1, chizindikirocho chisungeni kutsogolo mpaka pamapeto: -1.4 ndi -1 2/5, kapena -7/5.

7. Tsimikizani yankho.

Gawani nambala ya pamwamba ndi ya pansi. 3 kugawa ndi 8 ikupatsani 0.375. Mukabwerera pa desimali imene munayamba nayo, zili bwino. Nthawi ikachepa, ingoyerekezani ndi theka. 0.375 ndi yochepera 0.5, ndipo 3/8 ndi yochepera 4/8, zikugwirizana. Mwana amene walemba kuti 0.75 ndi 7/5 akanagwidwa pomwepa, chifukwa 0.75 siikwana 1 pamene 7/5 yadutsa 1.

Pali mafulakishoni ena oyenera kungowaloweza, chifukwa mudzakumana nawo moyo wanu wonse, osati pa mayeso a MANEB pokha. 0.5 ndi theka, 0.25 ndi kota, 0.75 ndi 3/4, 0.2 ndi 1/5. Kenako a banja la 8: 0.125 ndi 1/8, 0.375 ndi 3/8, 0.625 ndi 5/8, 0.875 ndi 7/8. Amakaniko, akalipentala ndi apulambala amawadziwa bwino, poti masipanala, mabawuti ndi mapaipi ambiri amayezedwabe m'mainchi. Pepala likalemba 0.625 inchi, ku hadiweya mukafunse ya 5/8. Mlimi nayenso: ekala imodzi ndi pafupifupi 0.4 ya hekitala, kutanthauza magawo awiri mwa asanu, ndiye hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka.

Samalani ndi nthawi. Ola lili ndi mphindi 60, osati 100. Maola 2.25 si maola awiri ndi mphindi 25. Sandutsani kaye: 0.25 ndi kota, kota ya 60 ndi 15, ndiye ndi maola awiri ndi mphindi 15. Maola 1.5 ndi ola limodzi ndi mphindi 30. Apa fulakishoni ndi imene imakupulumutsani.

GAWO LACHIWIRI: DESIMALI YOBWEREZA

Kalembedwe ka desimali kanafala ku Ulaya kutsatira kabuku ka Simon Stevin ka mu 1585, koma mafulakishoni analipo kalekale zimenezi zisanachitike. Ndipo pali manambala amene fulakishoni imawanena ndendende pamene desimali imalephera kuwamaliza. 1/3 ndi imodzi mwa amenewo. Gawani 1 ndi 3, mupeza 0.333... mpaka cholembera chitha inki.

Choyamba kumvetsa: 0.33 si 1/3. 0.33 yathera ndi 3, ndiye malinga ndi lamulo lathu ndi 33/100 basi. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma tayesani ndi ndalama. Anthu atatu a banki m'khonde akugawana K300,000 mofanana. Aliyense ayenera kulandira 1/3, yomwe ndi K100,000. Mlembi akachulukitsa ndi 0.33 pa foni, aliyense alandira K99,000, ndipo K3,000 itsala m'bokosi popanda mwini. Choncho funso likalemba 0.33 yankhani 33/100. Likalemba 0.333... kapena likaika kadontho pamwamba pa 3, tsatani njira iyi.

1. Itchuleni desimaliyo kuti x.

x = 0.454545...

2. Werengani manambala amene akubwerezedwa, muchulukitse.

Akubwerezedwa ndi awiri, 4 ndi 5, ndiye chulukitsani ndi 100. Akanakhala mmodzi bwenzi tikuchulukitsa ndi 10, atatu ndi 1000.

100x = 45.454545...

3. Chotserani.

Cholinga chathu n'choti tikhale ndi manambala awiri okhala ndi mchira wofanana kumanja kwa kadontho. Mchira wa 100x ndi .454545..., wa x ndi womwewo. Tikachotsera, michira iwiriyo imafafanizana yonse, ngakhale ili yosatha.

100x − x = 45
99x = 45
x = 45/99

Kugawa ndi 9, tipeza 5/11.

Mukachita zimenezi kangapo muona kuti manambala obwerezedwawo amapita pamwamba, pansi n'kukhala ma 9 ochuluka mofanana nawo. 0.333... ndi 3/9, yomwe ndi 1/3. 0.777... ndi 7/9. Ndipo 0.999... ndi 9/9, yomwe ndi 1 wathunthu. Ana amatsutsa kwambiri pamenepa, ena mpaka kukwiya, koma njira ndi yomweyo: 10x ndi 9.999..., kuchotsera x kutsala 9, ndiye 9x = 9.

4. Ngati kubwereza sikukuyambira pa kadontho, chulukitsani kawiri.

Tengani 0.58333..., pamene 5 ndi 8 aoneka kamodzi kokha, wobwerezedwa ndi 3. Amene angathamangire kulemba 583/999 walakwa. Yambani mwakankha osabwerezawo kuti awolokere kumanzere kwa kadontho. Alipo awiri, ndiye chulukitsani ndi 100.

100x = 58.333...

Kenako kankhaninso wobwerezedwayo kamodzi.

1000x = 583.333...

Michira yafanana tsopano. Chotserani: 1000x − 100x = 583 − 58, ndiye 900x = 525, x = 525/900.

Chimodzimodzi 0.1666...: 100x ndi 16.666..., 10x ndi 1.666..., 90x = 15, x = 15/90, yomwe ndi 1/6.

5. Fupikitsani, koma lamulo la 2 ndi 5 lisiyeni.

Lamulo lija linagwira chifukwa pansi panali 10, 100 kapena 1000. Pano pansi pali 9, 99, 999, 90, 900, ndipo mkati mwawo muli manambala ena. 525/900 ifuna 5 kawiri, kutipatsa 105/180 kenako 21/36, ndiyeno ifunanso 3 kuti tifike pa 7/12. Mwana amene waima pa 21/36 poti 5 wakana, sanamalize.

Mfundo ndi yomwe ija: phwanyani nambala ya pansi, yesani zokhazo zimene zili mkati mwake. 9 ndi 3 × 3. 99 ndi 3 × 3 × 11. 999 ndi 3 × 3 × 3 × 37. Lowezani 37 ameneyu, chifukwa palibe mwana amene angamuganizire yekha.

Taonani 0.259259259... Ikutipatsa 259/999. Yesani 2, sakulowa. Yesani 3: 2 + 5 + 9 ndi 16, ndipo 3 salowa mu 16, ndiye salowanso mu 259. Yesani 5, sakulowa. 7 akulowa mu 259 koma mu 999 ayi. Pafupifupi aliyense amaima apa n'kunena kuti siingafupikitsike. Komatu imafupikitsika.

Pali njira imene siifuna kulota, ndipo imagwira pa fulakishoni iliyonse. Inalembedwa ndi Euclid wa ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndipo ndimadandaula kuti ana ambiri amamaliza sukulu asanaionepo. Imayenda motere. Gawani nambala yaikulu ndi yaing'ono, musunge yotsala. Kenako tengani nambala imene munagawirayo, muigawe ndi yotsala ija. Pitirizani choncho mpaka yotsala ikhale 0. Nambala imene mwagawira komaliza ndiyo HCF.

999 kugawa ndi 259: alowa katatu, yomwe ndi 777, kutsala 222.
259 kugawa ndi 222: alowa kamodzi, kutsala 37.
222 kugawa ndi 37: alowa kasanu n'kamodzi, kutsala 0.

HCF ndi 37. 259 kugawa ndi 37 ndi 7. 999 kugawa ndi 37 ndi 27. Yankho ndi 7/27.

Imagwira chifukwa chiyani? Nambala iliyonse imene ikulowa ndendende mu 999 komanso mu 259 iyenera kulowanso mu 222, poti 222 ndi 999 titachotsamo ma 259 atatu. Ikalowa mu 259 ndi mu 222, iyenera kulowanso mu kusiyana kwawo, 37. Manambala akunka nachepa, koma chimene tikufunacho sichikutayika, mpaka chitsala chokha poyera. Mukatsika n'kupeza kuti wogawira womaliza ndi 1, ndiye umboni wonse kuti fulakishoniyo inali kale pamapeto. Simukungoganizira, mwatsimikiza.

Kumene ana amasokonezeka ndi pa mzere wachiwiri. Amabwereranso kwa 999 n'kumugawa ndi 222. Ayi. Nambala yaikulu ikagwira ntchito kamodzi yapuma. Mzere uliwonse watsopano umatenga wogawira ndi yotsala za mzere wapamwamba pake. Cholakwika china n'kutenga "kangati" m'malo mwa yotsala. Kuti 259 walowa katatu tilibe nako ntchito, chimene tikufuna ndi 222.

ZA KAKULETA

Makakuleta a Casio amene ana a sekondale amakhala nawo ali ndi batani lolembedwa S⇔D, kapena a b/c pa akalekale, losandutsa desimali kukhala fulakishoni. Ligwiritseni ntchito potsimikiza yankho mutamaliza kuwerengera nokha. Koma dziwani kuti makinawo amatenga zimene mwalemba. Mukalemba 0.3333 akupatsani 3333/10000, chifukwa sakudziwa kuti mumatanthauza 3 wosatha. Ndipo funso likanena kuti muonetse njira, yankho lochokera pa batani silikwanira.

YESANI IZI MUSANAONE MAYANKHO

0.85, 0.036, 0.207, 4.125, 0.0625, 0.272727..., 0.41666..., 0.185185...

Pa zisanu zoyambazo, musanagawe chilichonse, nenani kaye chogawira pongoyang'ana nambala yomaliza.

0.85 ndi 17/20. 0.036 ndi 36/1000, 18/500, 9/250, ndipo yaima poti 9 wakana 2. 0.207 ndi 207/1000 momwemo, ngakhale 9 amalowa mu 207. 4.125 ndi 4 1/8, kapena 33/8. 0.0625 ili ndi malo anayi, ndiye ndi 625/10000, ndipo 5 alowa kanayi konse: 125/2000, 25/400, 5/80, 1/16. 0.272727... ndi 27/99, yomwe ndi 3/11. 0.41666... ndi 375/900, kuchokera pa 416 kuchotsera 41, ndipo ifupikitsika kukhala 5/12. Yomalizayo ndi 185/999. Ngati munaisiya choncho, itsitseni ndi njira ya Euclid: 999 kugawa ndi 185 kutsala 74, 185 kugawa ndi 74 kutsala 37, 74 kugawa ndi 37 kutsala 0. Yankho ndi 5/27.